Mkamwana Salowa M'chibaya

Kwathu ndi ku Katete, ku Zambia. Ndimayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akandimva ndikulankhula pa Mzimba Boma amangoganiza kuti ndine wa ku Kasungu kapena ku Mchinji, ndipo ndikawauza kuti ndinachita kudinditsa pasipoti kuti ndifike kuno amaseka. Amati Zambia ndi kuseri kwa nyumba chabe. Chabwino, sinditsutsa. Koma chaka changa choyamba kuno ndinali mlendo weniweni, wosadziwa ngakhale malo oyenera kukhala pansi.

Amuna anga tinakumana nawo ku Chipata. Iwo ankayendetsa lole yonyamula mtedza, ine ndinali nditangomaliza maphunziro a zaumoyo wa ziweto ndipo ndinkagulitsa m'sitolo ya mankhwala a ng'ombe ndi nkhuku. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Ndiye akwawo atabwera kudzanena kuti apereka ng'ombe za malobola, ine ndikakhale kwawo kufupi ndi Edingeni, atsibweni anga anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Iwe, anthuwa akukukwatira kapena akukugula?" Ndinawayankha kuti ndikaona komweko, ndidzakuuzani.

Ntchito sinandivute kupeza. Mayi wina amene anali ndi sitolo ya mankhwala a ziweto pafupi ndi msika wa pa Boma anandilemba atangoona mapepala anga. Ndinachita lendi kachipinda komweko, ndipo Lachisanu lililonse madzulo ndinkakwera galimoto ya matola, kenako njinga yamoto, kupita kumudzi kwa apongozi. Patangopita miyezi ingapo amuna anga ananyamuka ulendo wa ku Joni, monga anachitira akulu awo ndi ang'ono awo. Sindinakondwe, ndinalira ndithu, koma kuno nkhani ya ku Joni sikhala yokambirana. Mwamuna akafika msinkhu amapita basi.

Chimene chinandidabwitsa poyamba chinali chimenecho. Mumudzi munali nyumba zamalata zokongola, zamawindo akuluakulu, koma zina zokhoma chaka chonse, udzu utamera pakhomo. Ng'ombe zinalipo, eni ake kulibe. M'sitolo munkabwera amayi atanyamula foni m'manja, akangopereka moni n'kundipatsira foniyo: "Yowoyani nawo, ndi adada a kunyumba." Ndiye ine ndili pa kauntala ku Mzimba, ndikukambirana ndi bambo amene ali pamwamba pa nyumba ku Joni akukhoma matailosi, za ng'ombe imene sanaione zaka ziwiri. Bambo akuti ili ndi njoka zam'mimba. Mayi amene amaiona tsiku lililonse akupukusa mutu pambali panga, akundilozera khutu kuti ndi nkhupakupa. Ndinaphunzira kuyankha bambo kuti "mwanena zoona" kwinaku ndikupatsa mayi mankhwala a nkhupakupa. Tonse tinkasiyana pa "yewo chomene," aliyense atakhutira.

Ine ndine munthu wa mafunso, ndiponso pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Amayi anga ankati ndinabadwa ndikufunsa azamba dzina lawo. Kumudzi kwa amuna anga khalidwe limeneli linapeza chakudya chokwanira. Amene ankandiphunzitsa anali awiri: apongozi anga aakazi, mayi wamfupi wofatsa amene Chichewa chawo chinkatuluka chitavala Chitumbuka, ndi mkazi wa akulu awo a amuna anga, mkamwana mnzanga, amene anali atakhala pamudzipo zaka zambiri ndipo ankandiseka popanda chisoni.

Malamulo okhudza apongozi aamuna sanandivute kwenikweni. Ukawaona akubwera m'njira, upatuke, ugwade, uyang'ane kumbali. Usadye iwo akuona. Usalankhule nawo maso ndi maso. Ngati pali nkhani, idzere kwa apongozi aakazi. Kwathunso mkamwini amathawa apongozi ake chimodzimodzi, kungoti kuno wothawayo ndinali ine. Tsiku lina ndinapatukira pa chitsamba cha minga ndipo ndinagwada momwemo mpaka nkhalambayo itadutsa, ikuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yake ngati ikuchitira dala. Mkamwana mnzanga anandizula minga m'mawondo akugwa ndi phwete.

Lamulo limene linandikhala pakhosi linali la chibaya. Chibaya ndi khola la ng'ombe, ndipo cha apongozi anga chinali pakati penipeni pa mudzi, chozungulira, cha mitengo yokhuthala yozika pansi. Anandiuza sabata yoyamba yomwe kuti mkamwana salowamo. Mwana wamkazi wobadwira pamudzipo angathe, koma wobwera ndi ukwati ayi.

Safunsa anadya phula, ndiye ndinafunsa. Apongozi aakazi anati ng'ombe zimataya bere mkamwana akapondamo. Ndinawauza kuti ku Chipata ndinalowa m'makola ambirimbiri ndipo palibe ng'ombe inataya bere. Anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti zimenezo zinali ng'ombe za ku Zambia. Mkamwana mnzanga anati chifukwa chake n'chakuti agogo aamuna a pamudzipo anaikidwa m'mphepete mwa chibaya, ndipo sakudziwa iwe, ungawadzidzimutse. Ndinafunsanso kuti nanga apongozi aamuna, amene ndi mkulu wa mpingo ndipo amalalikira Lamulungu, amakhulupirira zoti akufa amadzidzimuka? Anati, "Kawafunse wekha," podziwa kuti sindingathe. Amuna anga pa foni anangoti, "Mbwenu ndimo tinazipezera, usandichititse manyazi."

Choncho ndinkaima kunja kwa mitengo ija ngati mwana wosuzumira ukwati wa eni. Ndinkaona nkhupakupa zitadzaza m'makutu mwa ng'ombe, manja anga n'kumayabwa. Mankhwala ndinkabweretsa ndine kuchokera ku Boma, ndinkapereka kwa apongozi aakazi pamodzi ndi malangizo, iwo n'kukapereka kwa amuna awo. Pofika m'chibaya malangizowo amakhala atasanduka ena. Ndikati zivindikiro ziwiri pa ndowa, nkhalamba inkathira chimodzi kuti botolo likhalitse. Ndinkaluma mano kuseri kwa nkhokwe. Kwa eni kulibe mkuwe.

Ng'ombe zinali zitatu zokha, chifukwa zina zinafa ndi matenda ine ndisanabwere. Ziwiri zinali zapagoli. Yachitatu inali yaikazi, yofiira, ya nyanga imodzi yothyoka, ndipo inali ndi bere. Imeneyo ndiyo inali chiyembekezo chonse cha chibaya chija: ikafa, palibenso chobereka. Apongozi anga aamuna ankaikonda koopsa. M'mawa uliwonse ankaima nayo, akuikanda pakhosi, akuiyankhula motsitsa mawu nkhani zimene sankauza munthu aliyense.

Zinachitika m'nyengo yozizira, chimanga chili m'nkhokwe. Kuzizira kwa ku Mzimba ndi nkhani ina, kwathu sindinakuonepo. Kumalowa mpaka m'mano. Ndinafika kumudzi Lachisanu madzulo monga mwa masiku onse, tinadya, palibe anandiuza kanthu. Loweruka m'mawa ndikusesa pabwalo ndinamva kubuula kochokera m'chibaya, ndipo kubuula kumeneko ndimakudziwa. Ndinataya tsache n'kuthamanga.

Ng'ombe yofiira inali itagona chammbali, msana utatsamira mitengo ya kumadzulo. Kumbuyo kwake kunkaoneka kaphazi kamodzi kokha ka thole, kouma kale. Apongozi aamuna anali atagwada mu ndowe, malaya atapinda, akuyesa kukoka ndi manja awo otupa mfundo aja. Apongozi aakazi anali kunja, manja ali m'mutu. Ndinawafunsa kuti yayamba liti. Anati dzulo masana.

"Dzulo masana! Ine ndagona pamudzi pano usiku wonse, osandiuza?"

Anati amuna awo anatumiza uthenga kwa alangizi a ziweto, koma alangiziwo anali kumaliro kutali. Amuna ena a pamudzipo amene akanathandiza anali ku Joni. Otsala anali nkhalamba zinzawo. Kuikokera kunja kunali kosatheka, ng'ombe sinkathanso kuima.

Mutu wanga unatentha. Ndinadziwa chimene chinali m'kati: thole likatulutsa mwendo umodzi wokha ndiye kuti wina wapindikira kumbuyo, kapena mutu wakhotera kumbali, ndipo ukamakoka chomwecho umangong'amba mayi wake. Ndinali nditazichitapo kangapo. Manja anga ndi aang'ono, oyenera ntchito imeneyo. Ndinapita pa chipata n'kugwira mtengo wotsekera.

Apongozi aakazi anandigwira chitenje. Sanakalipe, analankhula chapansipansi. "Mwana wane, ukalowa ikachira, adzati wanyoza mudzi. Ukalowa ikafa, adzati waipha ndiwe. Kulikonseko sudzamwanso madzi mwamtendere pamudzi pano. Ndapota nawe, siya mtengowo."

Ndinausiya, koma pakamwa sindinatseke. Ndinalankhula ndikuyang'ana apongozi aakazi, mokweza kuti a m'katimo amve. Ndinati dzuwa likafika pamutu ng'ombeyi idzakhala nyama. Ndinati ine ndingathe kuipulumutsa, ndipo ngati sandilola andiuze ndikanole mpeni. Mkamwana mnzanga, amene anali atafika ndi ndowa pamutu, anatsala kukamwa yasa.

Nkhalamba sinacheuke. Inadzuka movutikira, inapukuta manja pa buluku, inatuluka pa chipata ine nditagwada kumbali, n'kulowera kuseri kwa nyumba yake. Ndinaganiza kuti yakatenga mpeni womwewo, ndipo mtima unandipweteka kuti ndawakankhira ndine. Koma inabwera ndi khasu ndi chitsulo chokumbira mayenje.

Sanafotokozere munthu. Anapita pamene panagona ng'ombe paja n'kuyamba kukumba patsinde pa mtengo umene inatsamira. Anaugwedeza, anauzula, anaukokera m'kati, anakumba dzenje mbali inayo ya ng'ombe n'kuuzika. Kenako wachiwiri. Pa mtengo wachitatu m'pamene ndinamvetsa, ndipo ndinangoti, "Mayo ine!" Mkamwana salowa m'chibaya, ng'ombe singatuluke m'chibaya, ndiye nkhalamba inali kusuntha chibayacho.

Ndikanakonda kunena kuti ndinagoma nthawi yomweyo, koma zoona zake n'zakuti ndinapsa mtima kwambiri. Mitengo inali isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, nthaka youma gwa, wokumba wake wa zaka zambiri, ng'ombe ikubuulabe. Mumtima ndinkati, kodi kungodumpha kamtengo kamodzi ndi kugwetsa mudzi? Komabe ndinatuma mkamwana mnzanga kukatenthetsa madzi, ine ndinakatenga sopo, mafuta ophikira, chingwe cha katundu wa panjinga ndi kachikwama kanga ka majekeseni. Titabwerako tinayamba kuthandiza kugwedeza mitengo titaima kunja, iwo akukumba m'kati, aliyense akuyang'ana kwina ngati sitikugwira ntchito imodzi.

Atazika womaliza anaupondera dothi ndi chidendene. Tsopano mpanda unali utapindikira m'kati, ng'ombe yatsala panja, pa ndowe zomwe zija, pamalo omwe aja, osasuntha ngakhale pang'ono. Anazungulira kudzera pa chipata, anakhala pansi pafupi ndi mutu wake atandifulatira, n'kuigwira nyanga yotsalayo. Ndiye anaiuza ng'ombeyo m'Chitumbuka kuti, "Sono uli kuwalo," kutanthauza kuti tsopano uli kunja. Anawonjeza kuti, "Umuphalire wayambeko." Uyo wouzidwa kuti ayambepo ndinali ine.

Ndinasamba mkono mpaka paphewa, ndinadzola mafuta, ndinagona chafufumimba m'ndowe zozizira n'kulowetsa dzanja. Zinali monga ndinaganizira: mutu wa thole unali utakhotera kumbuyo, mwendo wina utapindika pansi pa chifuwa. Ndinafunika kulikankhira m'kati kaye kuti ndipeze malo. Ng'ombe inaponya mutu ndipo inatsala pang'ono kundithyola mkono. Apongozi aakazi anali ataima patali, ndipo panalibe nthawi yodikira kuti mawu azungulire. Ndinangofuula, "Iwe ng'ombe, awuze agwiritsitse mutu wako, asakusiye udzuke!"

Mkamwana mnzanga anatseka pakamwa ndi chitenje. Koma nkhalamba inagwiritsitsa. Patapita kanthawi ndinaimva ikufunsa ng'ombe ngati zikutheka kumbuyoko. Ndinayankha ng'ombe yomweyo kuti mutu ndaupeza, watsala mwendo. Tinagwira ntchito yonse chomwecho, ine ndi apongozi anga, ng'ombe ili mkhalapakati. Sindinalankhulepo nawo mawu ambiri chotero, kale kapena pambuyo pake.

Nditawongola mwendo ndinamanga chingwe, n'kuuza amayi awiri aja kuti azikoka pokhapokha ng'ombe ikamakankha, chotsitsa kumiyendo, osati modzidzimutsa. Anakoka, anapuma, anakokanso. Kenako thole linatuluka lonse nthawi imodzi, lofiira ngati mayi wake, lalikazi. Ndinalichotsa zoterera m'mphuno, ndinalipukuta mwamphamvu ndi udzu, ndinalithira madzi ozizira m'khutu. Ndinkadziwa kale kuchokera pamene ndinaligwira lilime m'kati muja kuti tholelo linali litafa, koma ndinayesabe mpaka apongozi aakazi anandigwira paphewa.

Ndinabaya ng'ombe jekeseni, tinaipatsa madzi ofunda, inamwa. Ndikanangosamba m'manja n'kuchoka, tsiku likanatha bwino. Koma ndinali nditatopa, ndikunjenjemera ndi kuzizira, ndipo thole lija linandipweteka mtima. Ndinauza apongozi aakazi, mosatsitsa mawu, kuti akanandidzutsa dzulo thole ili likanakhala likuyamwa pano. Ndinati mwambo wadya thole.

Nkhalamba inadzuka, inanyamula thole lakufalo payokha ngakhale linali lolemera, inatenga khasu n'kulowera kumunda. Madzulo ake ng'ombe inaima n'kuyamba kudya mapesi, koma palibe amene anabwera kudzandiuza kanthu. Lamulungu ku tchalitchi amayi a pamudzi ankandiyang'ana chammbali. Lolemba m'mawa ndinapita kukatsanzika kwa apongozi aamuna monga mwa mwambo, nditagwada kunja kwa khomo, apongozi aakazi n'kunena m'malo mwanga kuti mkamwana akubwerera ku Boma. M'nyumbamo simunatuluke yankho, pamene masiku onse ankayankha kuti "ayende makola," kutanthauza kuti ayende bwino.

Lachiwiri amuna anga anaimba kuchokera ku Joni. Nkhani inali itawapeza kale, itakula m'njira. Azakhali awo anawauza kuti mkazi wa ku Zambia wagwetsetsa chibaya cha makolo, wapha thole, watukwana nkhalamba pamaso pa anthu. "Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha," anatero, foni n'kuduka. Sindinadziwe ngati mayunitsi ndiwo anatha kapena anachita kudula.

Sabata imeneyo ndinagulitsa mankhwala mutu uli kwina. Za thole sindinadziimbe mlandu, koma mawu aja anali anga, ndipo ndinawanena kwa munthu amene anali atangothyola msana kundikonzera njira. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha. Ndinkadzifunsa ngati Lachisanu ndikwere galimoto ya ku Edingeni, kapena ndingofunsa za yopita kumalire, ndikafike ku Katete anthu akandiseke bwino.

Lachinayi chakumasana m'sitolo munalowa bambo wachikulire amene sindinamuonepo, wovala jekete lalitali, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anapereka moni wautali wa kuno uja, wofunsa za kunyumba ndi za ana amene ndinalibe. Kenako anafunsa ngati ine ndine mkamwana wa mkulu wa mpingo wa kufupi ndi Edingeni. Mumtima ndinati basi, anditumizira wa milandu. Ndinavomera.

Anati ndi wa mudzi woyandikana nawo. Ng'ombe yake yaikazi inabereka masiku atatu apitawo, koma zotsalira sizinatuluke, yasiya kudya, yagona. Anapita kwa apongozi anga aamuna kukafunsa nzeru, ndipo iwo anamuuza kuti asataye nthawi, akwere njinga yamoto apite ku Boma akatenge mwana wawo.

"Anati mwana wawo?" ndinafunsa.

"Enya, mwana wawo. Si ndinu?"

Ndinamuuza kuti ndingapite, mwini sitolo akalola, koma adziwiretu kuti ine m'chibaya sindilowa.

"Zimenezo zatha kale, mama," anatero. "Mitengo tazula m'mawa. Anabwera okha ndi chitsulo chawo kudzandionetsa kazulidwe kake. Anandiuza kuti thole lawo analipha ndi iwo eni, pokhala usiku wonse akuganiza, ndiye ine ndisaganize."

Ndinamuuza kuti adikire pang'ono. Ndinalowa kuseri kwa mashelefu, pakati pa matumba a chakudya cha nkhuku, ndipo ndinalira ngati mwana, mwini sitolo akundifunsa kuti kwagwa maliro kodi. Nditapukuta m'maso ndinatenga majekeseni, sopo ndi magolovesi, ndinatuluka, ndipo ndinamufunsa bamboyo kuti njinga yaima pati.